MAKINA ANU AKALE AJA ANGATHE KUPETA MALUWA

Wolemba Mtolankhani Wathu

M'nyumba zambiri za m'dziko lathu lino la Zambia, kuyambira ku Matero ndi ku Chilenje mu Lusaka mpaka ku midzi ya ku Katete ndi ku Lundazi, muli makina osokera akuda aja opalasa ndi mapazi. Ambiri a iwo anagulidwa ndi makolo athu zaka 40 kapena 50 zapitazo, ndipo lero angoima pangodya ataphimbidwa ndi nsalu, pamwamba pake pali wailesi kapena botolo la maluwa a pulasitiki. Amabvundukulidwa kamodzi pa temu, pamene kabudula wa mwana wa sukulu wang'ambika. Eni ake akafunsidwa amati makinawo anatha nchito, pakuti zobvala za salaula zinachipa kopambana nsalu ya m'sitolo.

Mau amenewa ali ndi coona cake. Ciyambire zaka za m'ma 1990, pamene Boma linatsegula zipata za malonda, mabelo a zobvala zakale ocokera kutsidya kwa nyanja anadzaza misika yathu. Mafakitale osoka zobvala amene anali ambiri ku Livingstone anatsekedwa, ndipo fakitale ya nsalu ya Mulungushi Textiles ku Kabwe inaimitsa nchito m'caka ca 2007. Mai wosoka pakhonde la nyumba yake sangathe kulimbana ndi belo pa mtengo wa diresi wamba. Komatu ziripo zinthu zimene belo silingathe kubweretsa: nsalu ya pathebulo yolembedwa dzina la mwini wake, cophimba pilo ca mkwatibwi cokhala ndi tsiku la ukwati, kolala ya diresi ya mwana yokhala ndi nkhanga ziwiri. Zotere zimafuna dzanja la munthu wa pafupi, wodziwa banjalo, ndipo makina akale aja angathe kuzicita zonsezi popanda kuonjezapo citsulo ca mtengo wapatali.

Nchito imeneyi timaicha kupeta nsalu. Wina asathamangire kukatenga licero, pakuti kupeta kwake si kwa mphale ndi gaga. Koma nzokondweretsa kuona kuti cida cacikulu ca wopeta nsalu ndi mkombero, wofanana ndithu ndi uja umagwira milomo ya licero.

KUMENE LUSO ILI LINACOKERA

Awerengi ambiri adzadabwa kumva kuti makina opeta anayamba kupangidwa makina osokera a panyumba asanabwere. M'caka ca 1828 munthu wina wa mu mzinda wa Mulhouse ku France, dzina lake Josué Heilmann, anapanga makina oyendetsa masingano ambiri nthawi imodzi, singano iri yonse yosongoka mbali zonse ziwiri, diso lake liri pakati. Isaac Singer, amene dzina lake timaliona pa makina ambiri kuno kwathu, analembetsa makina ake osokera m'caka ca 1851, patapita zaka 23. M'caka ca 1863 Isaak Gröbli wa ku Switzerland anatenga nzeru ya ulusi uwiri, wa pamwamba ndi wa pansi, imene iri m'makina osokera, naiika m'makina opeta. Kacitsulo konyamula ulusi wa pansi kanali kooneka ngati kabwato, motero makinawo anachedwa Schiffli, ndiko kunena kuti kabwato m'cinenero ca kumeneko. Pofika caka ca 1910 nsalu zopeta za m'dera la St. Gallen zinali malonda aakulu kopambana ena onse amene dziko la Switzerland linali kugulitsa kunja.

Amenewo anali makina a m'mafakitale, odzaza cipinda conse. Koma azimai a m'nyumba sanatsalire m'mbuyo. M'caka ca 1911 kampani ya Singer inasindikiza buku lophunzitsa kupeta pa makina wamba opalasa, makina osadziwa msoko wina uli wonse koma woongoka wokha. Njira imene tifotokoza pano ndi ya mtundu umenewo.

Masiku ano kuli makina oyendera kompyuta. Kampani ya Tajima ya ku Japan inayamba kupanga makina opeta a mitu yambiri m'caka ca 1964. M'zaka za m'ma 1980 kompyuta inalowa m'nchitoyi, ndipo m'caka ca 1990 kampani ya Janome inatulutsa makina otere ogwiritsa nchito panyumba. Cithunzi cimakonzedwa pa kompyuta, cimalowetsedwa m'makina, ndipo makinawo amapeta okha, munthu akungoyang'anira ulusi. Ndiwo amene amapeta mabaji a sukulu ndi zipewa za makampani m'matauni athu. Pa nchito ya mabaji 200 ofanana, mai wopalasa asadzibvute kupikisana nao, adzangotopa cabe. Koma makina amenewa ndi okwera mtengo, akaonongeka owadziwa kukonza ndi ocepa, ndiponso popanda magetsi sayenda konse.

ZIMENE NDINAONA KU KATETE

Tonse tikukumbukira caka ca 2024. Mvula inakana, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, nthawi zina kupitirira maola 20. M'caka cimeneco ine wolemba nkhani ino ndinapita kukaceza kwa azakhali anga ku Katete. Iwo anaphunzira kusoka ku kalabu ya azimai kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, masiku aja pamene nthambi ya Boma yoona za citukuko ca m'midzi inali kutumiza alangizi kukaphunzitsa azimai kusoka, kuluka ndi kuphika. Makina ao ndi a Butterfly, opangidwa ku Shanghai m'dziko la China, ndipo utoto wa golide wa pamsana pake unatha kale ndi manja.

Ndinawapeza atakokera makinawo pafupi ndi zenera, akupeta dzina la mkwatibwi pa nsalu zoyera zomangira mbale za cilanga mulilo. Nchitoyo inacokera ku tauni, kumene mwini makina a kompyuta anali atakhala manja lende kudikira magetsi, pamene tsiku la phwando linali kuyandikira. Ndinakhala pa mpando kupenya. Phazi la makina, kacitsulo kaja kamapanikiza nsalu, panalibe. Nsalu siinali kuyenda yokha monga timazolowera. Mapazi ao anali kupalasa mosalekeza, manja ao atagwira mkombero mbali ndi mbali, kuutsetsereza pang'ono pang'ono pansi pa singano, ndipo cilembo cinali kumera pa nsalu ngati munthu akulemba ndi peni. Pamenepo ndinazindikira cinsinsi cake conse. Polemba kalata timayendetsa peni pepala litakhala cete. Popeta pa makina, peni ndiyo imakhala pamalo amodzi, ndipo ife timayendetsa pepala.

Ndinapempha kuti nane ndiyese. Zimene ndilemba m'munsimu ndinazimva kwa iwo ndi kuziyesa ndi manja anga, ndipo zina ndinaziphunzira ndi magazi a cala.

KUKONZA MAKINA

Pansi pa singano pali mano acitsulo amene amakwera ndi kutsika, nakoka nsalu kupita kumbuyo. Popeta mano amenewa safunika, cifukwa adzalimbana ndi manja anu. Makina ena ali ndi kabatani pathebulo lake kotsitsira manowo. Ena ali ndi kanati kunsi, kamene mumakapeza mukapendeketsa mutu wa makina. Ngati anu alibe zonse ziwirizi musadandaule. Ikani kacitsulo koyesa kutalika kwa msoko pa 0, ndipo phimbani manowo ndi kakhadi kolimba koboola pakati podutsa singano, mutakamata ndi tepi. Mukatero masulani phazi ndi kulisunga pamodzi ndi kanati kake m'kabati, pakuti tinthu timeneti tikagwa pansi ana amatola.

Tsono mvetsetsani apa, pakuti ndi pamene ambiri amagwa mphwayi tsiku loyamba. Kuseri kwa singano kuli kacitsulo kokweza ndi kutsitsa phazi. Ngakhale phazi mwacotsa, kacitsulo kameneka muyenera kukatsitsa musanayambe kupalasa. Cifukwa cake ndi ici: timbale tiwiri timene timagwira ulusi wa pamwamba kuti ukhale wokoka timatsekeka pokhapokha kacitsuloko katatsika. Kakakhala m'mwamba ulusi umangoyenda lobodo. Ine ndinaiwala, popeza diso siliona kusiyana kuli konse, ndipo nditatembenuza nsalu ndinapeza ulusi utaunjikana kunsi ngati ndevu za cimanga. Tinatha nthawi yaitali kuudula ndi lezala kuucotsa m'makina.

Ulusi wa pamwamba uyenera kumasulidwa pang'ono kusiyana ndi m'mene umakhalira posoka zobvala, kuti mfundo yokumanira ulusi uwiriwo ibisale kunsi kwa nsalu. Njira yodziwira ndi kutembenuza nsalu yoyesera: pa cilembo copetedwa bwino ulusi wa bobini umaoneka pakati pokha, monga gawo limodzi mwa magawo atatu, m'mbali zonse muli ulusi wa pamwamba. Ngati ulusi wa bobini ukutulukira pamwamba ngati timadontho toyera, ndiye kuti wa pamwamba wakoka kwambiri.

Singano ikhale yatsopano. Pa nsalu yopepuka ya thonje gwiritsani nchito nambala 11 kapena 12, imene pa mapaketi ena imalembedwa 75 kapena 80. Pa nsalu yocindikala nambala 14, ndipo pa jinzi nambala 16. Musanacotse yakale penyetsetsani kumene kwaloza mbali yake yaphwatalala, cifukwa makina akuda amafanana maonekedwe koma ena amafuna mbaliyo kumanja, ena kumanzere, ndipo singano yolowa cam'mbuyo siitola ulusi wa pansi.

MKOMBERO NDI NSALU

Mkombero wa makina ndi timitengo tiwiri tozungulira, kena kolowa m'kanzake, kakunjako kali ndi kanati komangira. Wabwino ndi wa masentimita 15 kufikira 20 m'mimba mwake, wocepa msinkhu kuti uthe kulowa pansi pa singano. Kulungani kam'katiko ndi kansanza kopyapyala kuti nsalu isaterereke.

Azimai amene anazolowera kupeta ndi manja ayenera kusintha pano. Popeta ndi manja nsalu imakhala pamwamba pa mkombero. Pa makina imakhala pansi, yogunda thebulo la makina. Yalani mkombero waukulu pathebulo, ikani nsalu pamwamba pake nkhope yake ikuyang'ana kumwamba, ndipo kanikizani waung'ono m'kati. Kokani nsalu motsata ulusi wake, m'litali ndi m'mimba, osati copingasa, kufikira italimba kotero kuti mukaigogoda ndi cala ilire ngati ng'oma ya cimtali. Nsalu yolenda imakwera pamodzi ndi singano, ndipo makina amalumpha misoko.

Nsalu yatsopano ya thonje iyambe yacapidwa ndi kusitidwa. Thonje limafupika likalowa m'madzi koyamba, pamene ulusi wopetera sufupika, ndipo duwa lanu lidzakwinyika ngati nkhope ya nkhalamba. Apa salaula yemweyo, amene tamuyesa mdani, amasanduka bwenzi. M'mabelo mumapezeka mashiti a pabedi ndi nsalu za pathebulo za thonje lenileni, zocapidwa kambirimbiri, zosafupikanso, pa mtengo wocepa kopambana nsalu ya pa mita ya ku Kamwala. Shiti imodzi yaikulu imatulutsa zophimba mapilo zingapo ndi zotsala zoyesera.

Nsalu yopyapyala imafuna coilimbitsa kunsi. M'masitolo muli Vilene, nsalu ija yonga pepala imene atelala amaika m'makolala. Posowa imeneyo pepala loyera lopyapyala limagwira nchito, ndipo mumaling'amba mukatsiriza. Azakhali anga amabviika nsalu m'phala lamadzimadzi la ufa wa cinangwa, naiyanika ndi kuisita kuti iume gwa. Koma nyuzipepala, ngakhale ino imene muli kuwerengayi, musaiike kunsi kwa nsalu yoyera, cifukwa inki yake imatsalira.

Cithunzi jambulani poyamba pa pepala, kenaka ligwirizeni pa galasi la zenera masana, nsalu pamwamba pake, ndi kutsatira mizere ndi pensulo mopepuka. Pa nsalu yakuda kacidutswa ka sopo wotsala kamalemba bwino ndipo kamacoka ndi madzi. Bolopeni ndi kaboni wa mu ofesi zaononga nsalu zambiri za eni ake.

MAPAZI ACANGU, MANJA ODEKHA

Mukalowetsa mkombero pansi pa singano, tembenuzani gudumu ndi dzanja kamodzi mutagwira ulusi wa pamwamba, kuti wa pansi utulukire pamwamba pa nsalu. Gwirani nsonga zonse ziwiri, bayani katatu kapena kanai pamalo amodzi, ndipo dulani nsongazo. Apo mwakhoma ciyambi.

Kutalika kwa msoko tsopano kuli m'manja mwanu ndi m'mapazi mwanu. Mukapalasa mofulumira manja akuyenda pang'onopang'ono, misoko imakhala yaifupi ndi yosalala. Mukapalasa mozengereza manja akuthamanga, misoko imatalika, nsalu imakoka singano iri m'kati, singano imapindika nigunda citsulo ca pansi ndi kuthyoka. Wophunzira ali yense amacita zosiyana ndi zoyenera, cifukwa mantha amam'gwira m'mapazi ndipo phuma limam'gwira m'manja. Ine ndinathyola masingano awiri dzuwa lisanapendeke. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, koma pano odekha ndi manja okha, mapazi asaime.

Mkombero sautembenuza ngati siteringi ya galimoto. Umatsetsereka kupita kutsogolo, kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, mutu wa cithunzi ukuyang'anabe kumene unayang'ana poyamba. Zigongono zikhale pathebulo, zala pa mkombero. Ndinene mosabisa kuti singano yopanda phazi ndi yoopsya. Palibe cochinga pakati pa iyo ndi cala canu, ndipo imatha kuboola cikhadabo. Yanga inangondipala m'mbali mwa cala ca mkombaphala pamene ndinafuna kucotsa kaulusi mapazi akali kuyenda. Amene angathe agule kaphazi kokhala ndi sipuling'i kogwiritsa nchito pophatika zibowo, kamene kali ndi kamphete kozinga singano. Mwana wa m'manja asakhale pamiyendo pa nchito imeneyi. Makina opukusa ndi dzanja sayenera kwenikweni, popeza manja onse awiri afunika pa mkombero, pokhapokha pakhale wina wokupukusirani.

Masiku oyamba musakhudze nsalu ya mwini wake. Tengani nsanza, jambulani mizere yoongoka, yokhota, tizibowo tozungulira, kenaka lembani dzina lanu kambirimbiri. Dzina lanu likayamba kuwerengeka mwayamba kudziwa.

KUDZAZA DUWA NDI CILEMBO

Msoko umene umagulitsa nchito ndi uja wosalala wonyezimira, umene ulusi umagona mondondozana popanda mpata, kucokera m'mphepete mwa tsamba kufika m'mphepete mwina. Pa makina a zigizagi ndi wapafupi, cifukwa singano imadziyendera yokha uku ndi uku. Pa makina akuda singano siipatuka, motero manja ndiwo amacita zigizagiyo: singano ikabaya mzere wa kumanzere mumasuntha mkombero, ikabaya wa kumanja mumaubweza, kamodzi pa kubaya kuli konse. Apa pokha mapazi amayenda mwacifatse, ndipo mkombero umasuntha pamene singano iri m'mwamba. Kumafuna kumva makina ndi khutu monga wobvina amamvera ng'oma. Azakhali anga amacita zimenezi akuceza ndi mlendo. Ine ndinali kuwerenga cam'mtima ndi kutuluka thukuta.

Musanadzaze, zungulizani tsamba kapena cilembo ndi msoko woongoka kawiri, ndipo yendani m'kati mwake mizere ingapo m'litali. Mizere imeneyi ndi maziko. Imagwira nsalu kuti isakokeke ndiponso imatukula msoko wa pamwamba kuti uoneke wonenepa. Pa zilembo ena amagoneka kacingwe ka thonje potsata mzere, napeta pamwamba pake. Msoko usapitirire kwambiri theka la sentimita m'litali, cifukwa wautali umakodwa ndi zikhadabo pocapa. Tsamba lalikulu ligaweni pakati pa msempha wake, mupete mbali iri yonse payokha, ulusi utapendekera ku nsonga monga m'mene tsamba lenileni limakhalira.

Akatswiri amasakaniza mitundu iwiri kapena itatu ya ulusi pa duwa limodzi, wofiirira pakati, wotuwa kunsonga, misoko yaitali ndi yaifupi italowana ngati zala za manja awiri. Imeneyo ndi nchito ya miyezi, ndipo siiphunziridwa m'nyuzipepala.

Kwa ofuna kuona phindu msanga, njira yapafupi ndi ya zigamba za citenje. Telala ali yense amasesa zidutswa za citenje tsiku ndi tsiku. Dulani mbalame, duwa kapena mphika wojambulidwa pa cidutswaco mutasiya malire pang'ono, ciikeni pa nsalu ya mtundu umodzi, cisokereni ndi msoko woongoka potsata mzere, cepetsani zotsala ndi sizasi yaing'ono, ndipo phimbani m'mphepete ndi msoko wosalala uja. Kathumba ka mabuku, epuloni kapena cophimba khushoni cimatha tsiku limodzi. Iriponso njira yopetera ndi ulusi wonenepa wosalowa pa diso la singano: mumaukulunga pa bobini ndi dzanja, mumamasula pang'ono kanati ka pa kacikho ka bobini, ndi kupeta nsalu itafulatira, kuti ulusi wonenepawo ugone ku nkhope yake. Wofuna njira imeneyi agule kacikho kaciwiri, cifukwa kanati kameneka kakasokonezeka kamabvuta kubwezera, ndipo kakagwa pansi simudzakaonanso.

ZA ULUSI

Pa ulusi nambala ikakula ndiye kuti ulusiwo ndi wocepa. Wopetera pamwamba kawirikawiri ndi nambala 40, ndipo wa pa bobini ndi 60, woyera pa nsalu yoyera. Ulipo wa rayon, wonyezimira kwambiri ndi wofewa, ndiponso wa polyester, wolimba. M'sitolo diso limathamangira wa rayon. Koma taganizirani m'mene timacapira kuno kwathu: nsalu ya pathebulo imabviikidwa mu Jik, imafikisidwa ndi manja, niyanikidwa pa dzuwa la mwezi wa Okutobala. Rayon amafooka akanyowa ndipo Jik amamcotsa mtundu, pamene polyester amapirira. Pa zinthu zocapidwa kawirikawiri sankhani polyester, ndipo rayon musungire za pakhoma ndi za paphwando. Ulusi wofiira kapena wakuda wosadziwika kumene wacokera uyeseni poyamba: nyowetsani kacidutswa, kaikeni pa nsanza yoyera ndi kusita. Nsanza ikadetsedwa, ulusi umenewo udzakudanitsani ndi mwini nsalu.

Mukatsiriza sitani nsalu cafufumimba, nkhope yake itagona pa thaulo, kuti maluwa asaphwatalale. Ogwiritsa simbi ya makala aike nsalu ina pamwamba, pakuti kakhala kamodzi kangathe kuononga nchito ya mlungu wathunthu, ndiponso polyester amasungunuka ndi moto wambiri.

TIPETE CIANI, TIGULITSE KUTI?

Pano ndiri ndi dandaulo. Nsalu zambiri za pa mipando zimene ndaona m'nyumba zathu ziri ndi maluwa a rozi ndi timadengu ta zipatso zimene sizimera kuno, zotengedwa m'mabuku akale a ku Ulaya, ndipo mai ali yense amatengera kwa mnzake kufikira duwalo silidziwikanso kuti ndi duwa lanji. Kodi zathu zinatha? Nkhanga ndi mbalame yosabvuta kupeta, pakuti thupi lake ndi lozungulira ndipo mawanga ake ndi timadontho cabe. Liripo duwa la dzungu, mpendadzuwa, thonje lophulika, nsomba, mtondo ndi munsi, cishango ca Angoni, ndi mizere ija timaiona pa nsengwa ndi pa zipupa zotsira za m'midzi ya Acewa. Mlendo wobwera ku Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale, kapena ku Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti, kumene kumasonkhana anthu a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, safuna kubwerera kwao ndi rozi.

Msika waukulu komabe uli pakhomo pomwepo. Kicheni pati, cilanga mulilo, ukwati, ubatizo wa mwana, nsalu za paguwa la chalichi, mphatso ya mphunzitsi wopuma pa nchito: zonsezi zimafuna dzina ndi tsiku. Mwini nchito alembe yekha dzinalo pa pepala, ndipo pepalalo mulisunge. Cilembo cimodzi cikalakwika, kumasula msoko wosalala kumasiya zibowo, ndipo nsaluyo mudzalipira ndinu.

Azimai ambiri aluso amagwa pa mtengo. Amawerengera nsalu ndi ulusi, naiwala masingano, mafuta a makina, sopo, makala a simbi, ndipo koposa zonse amaiwala maola ao, ngati kuti tsiku la mai liribe mtengo. Yesani ndi wochi nthawi imene cilembo cimodzi cimatenga, ndipo mtengo wa dzina uyendere kuculuka kwa zilembo ndi kukula kwake. Landirani cikole musanadule nsalu, cifukwa cophimba pilo colembedwa dzina la munthu simungacigulitse kwa wina akakana kudzatenga. Nkhongole za acibale zatsekera azimai ambiri makina ao kopambana salaula.

Amene afuna kukwera kufika pa makina a zigizagi angathe kutero ndi cilimba, monga azimai a m'misika amacitira. Ndiponso m'caka ca 2022 Boma linakweza ndalama za CDF kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iri yonse, ndipo gawo lina linapatulidwa kuthandiza makalabu a azimai ndi acinyamata ndi maphunziro a nchito za manja. Kalabu yolembetsedwa ingathe kukafunsa ku ofesi ya khonsolo za m'mene mapempho amayendera. Koma kalabu imene mamembala ake sanayambe apetapo dzina pa nsanza isathamangire makina a kompyuta, pakuti kukoka kwa ulusi, kulimba kwa nsalu ndi kusankha singano ndi zimodzimodzi pa makina onse, ndipo kompyuta siikonza nsalu yolowa molenda mu mkombero.

Kupeta kumatulutsa fumbi la ulusi lambiri kopambana kusoka. Mukatsiriza tsegulani kambale ka pansi pa singano, sesani ndi kaburashi kapena nthenga ya nkhuku, ndipo donthezani mafuta a makina, osati saladi wophikira, amene amauma nagwira zitsulo ngati ulimbo. Kenaka kwezani mano, bwezerani phazi, ndi kubweza ulusi pa kukoka kwake kwa masiku onse. Ine ndinaiwala kukweza mano tsiku lija, ndipo m'mawa mwake azakhali anapalasa kanthawi ndithu pa buluku la mdzukulu wao, nsalu osasuntha, asanazindikire cimene mlendo wao wa ku Lusaka anacita.

Nkhanga yanga yoyamba inatuluka ndi khosi lalifupi ndi mapazi aakulu, ndipo ana a pakhomo anagwirizana onse kuti ndi bakha. Azakhali anaiyang'ana nthawi yaitali, naipinda bwino, naiika m'kabati ya makina. Pamene ndinapitanso ku Katete caka cathaci ndinaipeza ikali momwemo, yakuda ndi mafuta, pakuti ndiyo amapukutira makina.